Jombo Zoti Ndikuliremo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanena bodza limene linandithyola mkono. Apo n'kuti titakhala ku Erdington, kutsidya kwa nyanja, zaka ziwiri zokha, ine ndi amayi anga, m'kanyumba kogundizana ndi nyumba zina uku ndi uku. Bambo anali adakali ku Lilongwe kudikira mapepala. Amayi anali namwino pachipatala china ku Walsall, ndipo mwa tsoka langa ankagwira m'wodi ya anthu othyoka mafupa. Munthu woona mafupa othyoka tsiku ndi tsiku sakhulupirira njinga, masitepe, ngakhale pansi pongokolopa kumene. Ndiye mwana wa munthu wotereyu, ine Tadala, ndinakakonda masewera otsetsereka pa chipale chofewa.

Zinayamba ndi ulendo wa sukulu. Anatitengera ku chinyumba china chachikulu kunja kwa mzinda, mmene anamangamo chitunda n'kuchikuta ndi chipale chopanga ndi makina. Mkatimo mumazizira ngati mufiriji chaka chonse. Anatibwereka matabwa otsetserekera aja, amene aliyense amangoti mabodi, ndipo anzanga anayamba kugwa n'kumaseka. Ine maso anali pa bambo ena a imvi amene ankatsika okha cha kumbali. Anthu ena onse ankakwekwereza mabodi awo, chipale chikuwazika paliponse, koma iwowa ankapendekeka mpaka chiuno kutsala pang'ono kukhudza pansi, ndipo pambuyo pawo pankatsala kamzere kamodzi kowonda ngati kolemba ndi pensulo. Atafika m'munsi ndinawalondola osadziwa n'komwe chimene ndikawauze.

Anali a Marek, ochokera ku Slovakia. Mkati mwa sabata ankayendetsa basi, Loweruka m'mawa ankaphunzitsa kagulu ka ana asanu ndi mmodzi. Anandipatsa pepala loti amayi asaine.

Pepalalo linakhala pamwamba pa firiji masabata atatu. Ndinatsuka mbale osauzidwa, ndinasita mayunifomu, ndinaimba mokweza kutchalitchi. Pomaliza amayi anasaina, koma cholembera chisanatsike anandiloza nacho.

"Tamvera bwinobwino. Ine ndimawaona ku wodi anthu a masewera amenewa, ena ndi zitsulo m'miyendo. Tsiku limene udzavulale, ngakhale kachala kokha, zatha. Sitidzakambirananso."

Ndinavomera mwamsanga, poti pa msinkhu umenewo munthu amaganiza kuti kuvulala n'kwa anthu ena.

Bodi ya a Marek ndi ophunzira awo sinali ngati ya anthu ena. Inali yaitali, yopapatiza ndi yolimba, ndipo m'mbali mwake munali chitsulo chakuthwa chimene ife tinkati mpeni. Sitinkavala nsapato zofewa zija ambiri amavala. Zathu zinali jombo zapulasitiki, zolimba gwa, zokhala ndi kansapato kofewa mkati ndi tizitsulo tinayi tokhomera. Pabodi pamakhala zomangira ziwiri: chidendene umachilowetsa pansi pa kawaya, kutsogolo n'kukhoma kachitsulo mpaka kalire kuti tha! A Marek ankazipotoza zomangirazo kuti mapazi onse aloze cha kutsogolo, lakutsogolo pa madigiri makumi asanu ndi asanu, lakumbuyo pa makumi asanu. Akatero ankaika bodi patebulo, jombo zili pomwepo, n'kuipendeketsa kuti tione. Jombo sinkayenera kutulukira kunja kwa mpeni ngakhale pang'ono, chifukwa ikatulukira ndiyo imayamba kugunda chipale, mpeni n'kunyamuka.

Lamulo lawo lina linali la phazi. Ankati ukaimirira, zala zigunde kutsogolo kwa jombo. Ukapinda mawondo, zibwerere pang'ono. Chidendene chisanyamuke ngakhale ukoke bwanji. Jombo zimene anandibwereka zinkandifinya mpaka ndinkafuna kulira pozivala. Ndikadandaula ankayankha m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti, "Bondo lako likalankhula, mpeni umve nthawi yomweyo. Phazi likamayendayenda m'kati, uthenga umafika mochedwa."

Kumene ankatiphunzitsa ankati kukava, ndiko kudula chipale ndi mpeni osakwekwereza. Umayang'ana kumene ukupita, osati pansi. Umayamba ndi mawondo, chiuno n'kutsatira, mapewa ali chilili. Sufikira chipale ndi dzanja. Ngati wapendekeka bwino, chipalecho chimabwera chokha kudzakupeza. Miyezi itatu ndinakwekwereza ngati wina aliyense. Kenako Loweruka lina bodi inangogwira, n'kundizungulitsa yokha mwakachetechete, ndipo nditacheuka ndinaona kamzere kanga. Kusukulu ndinali mtsikana wa katchulidwe kachilendo amene aphunzitsi ankamuuza kuti abwereze. Pachitunda paja palibe ankandiuza kuti ndibwereze chifukwa sanamve, ndipo ndinkayembekezera Loweruka sabata yonse.

Vuto linabwera pamene kunalowa ana atsopano. Jombo zobwereka zinayenera kupita kwa iwo, ife akale tipeze zathu. A Marek anandilembera saizi yanga pakapepala. Ndinakapereka kwa amayi mtima uli m'mwamba, poganiza kuti apa ndiye apeza pothawira. Patapita masabata awiri anafika kunyumba ndi chikwama chachikulu, atanyowa ndi mvula. Anali atapeza munthu wina ku Tipton wogulitsa jombo za mwana wake, ndipo atatuluka kuntchito anakwera mabasi awiri kukazitenga.

Zinali zofiira, zokongola, zongokalika pang'ono. Nditangolowetsa phazi ndinadziwa kuti pavuta. Phazi linalowa ngati likulowa m'ndowa.

"Ndatenga zokulirapo masaizi awiri," anatero amayi akuvula jekete, nkhope ili mwee. "Iwe ukukula ngati bonongwe. Uzikuliramo momwemo, zikufikitse zaka zitatu."

Aliyense wokulira kwathu akudziwa zimenezi. Nsapato ya mwana sagula yomukwana lero. Nsapato zanga zonse za sukulu, kuyambira ku Lilongwe, zinkayamba ndi thonje kutsogolo, ndipo zikamafika pondikwana zinali zitatha kale. Amayi anagwada n'kudina kutsogolo kwa jombo ndi chala chachikulu, monga ankachitira nthawi zonse kuti amve pamene zala zalekezera. Pulasitiki sinalobe. Anadinanso mwamphamvu, anaseka, kenako anadzutsa mutu.

"Izi ndiye zandikanika. Undiuze ndiwe. Zili bwino?"

Ndinawaona tsitsi lonyowa, ndinakumbukira mabasi awiri aja. Ndinaganizanso kuti ndikati n'zazikulu adzati masewera ake ngovuta, tingowasiya. Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikafuna kubisala.

"They're perfect, Mum."

Kuyambira tsiku limenelo nkhawa sinandichoke. Lachisanu lililonse ndinkadzitsekera kuchipinda n'kumayesa nzeru. Ndinayamba ndi masokosi awiri, kenako atatu. Ndinatola nyuzipepala zaulere za m'basi, n'kuzipindapinda, zina kutsogolo kwa zala, zina pansi pa chidendene. Jombozo zinali zazitali kuposa zobwereka zija, moti sizikanalowa pa zomangira, choncho Loweruka loyamba ndinafika msanga ndi sikuludiraiva ya m'kabati ya kukhitchini, ndinapita kuseri kwa mabenchi n'kufutukula zomangirazo ndekha. Nditakhoma jombo ndinaona kuti yakumbuyo yatulukira kunja kwa mpeni ngati zala ziwiri. Ndinagwetsera thalauza pamwamba pake.

A Marek anaziona jombo zatsopano, anaziyamikira, n'kufunsa ngati zala zikugunda kutsogolo. Ndinati zikugunda. Zinkagundadi, koma nyuzipepala. Anali ndi ana atsopano anayi oti awamangire, ndipo anandikhulupirira.

Kamzere kanga kanasowa. Ndikapinda bondo, phazi linkayamba layenda m'kati, chidendene chinkanyamuka, bodi n'kumva mochedwa. Ndinayamba kuopa kupendekeka, chifukwa ndinkadziwa chimene chili pansi pa thalauza. Ndinabwerera ku kukwekwereza, ndipo ana amene ndinkawaposa anandipitirira. A Marek ankaima m'munsi manja ali m'chiuno. "Tadala, chavuta n'chiyani? Wayamba kuopa chiyani?" Ine ndinkati ndatopa ndi homuweki. Ananola mpeni wa bodi yanga, anasuntha phazi langa lakumbuyo, anandiyesa zonse, osadziwa kuti akuchiza matenda olakwika.

Mapazi nawo anayamba kundiulula. Potsika, phazi linkathamangira kutsogolo n'kukagunda, mpaka zikhadabo ziwiri zinada bii. Pamiyendo panatupa pamene jombo inkamenya. M'nyumba ya namwino, zinthu zotere ndi mlandu. Ndinayamba kuvala masokosi nthawi zonse, ndipo pokwera masitepe ndinkaluma mano kuti ndisatsimphine. Amayi akafunsa za masewera ndinkati zikuyenda. Chakudya chinasiya kukoma. M'kalasi ndinkangowerengera kuti phazi limakula msanga bwanji, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaliyeza ndi rula ya masamu ngati kuti likula pondimvera chisoni. Ndinali nditagwira njakata: kuuza a Marek kunali kuuza amayi, ndipo kuuza amayi kunali kutaya bodi ndi kuwachititsa manyazi pa mphatso yawo.

Sabata yachisanu, Lachinayi, amayi anati, "Ndaswopa shifiti ndi mnzanga. Loweruka ndikubwera ndidzaone jombo zanga zikugwira ntchito."

Anali asanabwerepo n'kamodzi komwe. Masiku awiri otsatirawo ndinapemphera kuti mnzawoyo adwale, Mulungu andikhululukire.

Loweruka amayi anavala chijasi chawo cha kutchalitchi ndi mpango, n'kukaima m'munsi mwa chitunda, kuseri kwa kampanda, pakati pa makolo achizungu. Ndili pa chingwe chotikokera kumtunda ndinkawaona akucheperachepera, manja ali m'khwapa. Ulendo woyamba ndinakwekwereza. Wachiwiri chimodzimodzi. Nditafika m'munsi anandikodola.

"Ndiye kamzere kaja umandiuza kali kuti? Ine ndikungoona fumbi."

Ankangondiseka, koma mawuwo anandilowa. Ndinakwera kachitatu. Ndinadziuza kuti kamodzi kokha, aone, basi. Ndinasiya bodi ithamange. Kukhota koyamba, mbali ya chidendene, kunagwira ndithu. Ndinaponya mawondo mbali ya zala, ndinapendekeka kwambiri kuposa mmene ndinachitirapo ndi jombo zimenezo. Ndinamva kuti khu! pansi pa phazi lakumbuyo. Mphuno ya jombo inali itakumba chipale, mpeni unanyamuka, bodi inandithawa. Ndinachita chimene a Marek ankaletsa tsiku lililonse: ndinatambasula dzanja.

Ululu sunabwere msanga. Chimene chinabwera msanga ndi ganizo lakuti zatha. Ndinayesa kudzuka kuti ndionetse ngati palibe kanthu, koma mkono wamanzere unakana kundinyamula.

Sindidziwa mmene amayi anadutsira kampanda kaja. Ndinangowaona akukwera chitunda ndi nsapato zawo za kutchalitchi, akuterereka, wantchito wina akuwakuwira kuti n'koletsedwa. Atafika sanakuwe, sanalire. Anagwira mkono wanga ndi manja a kuntchito, ofatsa, n'kundiuza kuti ndigwedeze zala.

"I'm fine," ndinatero.

"Khala chete," anatero.

A Marek anandimasula pabodi, ndipo anatithandiza kutsikira kukachipinda ka ovulala. Kumeneko anagwada kuti andivule jombo. Anangomasula tizitsulo tiwiri, jombo n'kuvuka yokha. Nyuzipepala zonyowa zinagwera pansi. Anasuzumira m'kati, anatulutsa zina, anaona masokosi atatu, kenako anatembenuza jombo kuti awerenge saizi. Nkhope yawo inafiira.

"Ndani anamupatsa mwana jombo izi? Izi n'za munthu wamkulu! Akanathyoka mwendo!"

M'kachipindamo munali anthu ena atatu, ndipo onse anacheuka. Amayi anaimirira mowongoka, chipale chikusungunuka pa chijasi chawo.

"Ndinagula ndine," anatero m'Chingerezi. "Sindinadziwe."

Mawu awo anali aang'ono moti sindinawazindikire. Amayi anga, amene madokotala achinyamata ankawafunsa nzeru, anaima pamenepo ngati mwana wasukulu wogwidwa. A Marek anachita manyazi, anayamba kupepesa, akuti nawonso akanayenera kutulutsa kansapato ka m'kati n'kuyeza okha. Amayi anangogwedeza mutu. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kuchipatala anapeza kuti fupa lathyoka pafupi ndi dzanja, ndipo anandiika chikhakha. Tinabwerera pa basi dzuwa likupendeka, chikwama cha jombo chili pamiyendo pa amayi. Njira yonse ndinkangodikira mawu aja, akuti zatha, ndipo siteji iliyonse ndinkati anena pano.

Kunyumba anandikhazika pampando, anabweretsa beseni la madzi ofunda n'kundivula masokosi. Ndinayesa kubweza mapazi koma anawagwira. Anayang'ana zikhadabo zakuda zija nthawi yaitali, anakweza thalauza n'kuona zotupa.

"Izi si za lero."

"Ayi."

"Masabata angati?"

"Asanu."

Anakhala pansi penipeni, pakapeti. "Tadala, ndinakufunsa. Chala changa chinalephera, ndiye ndinafunsa iwe. Unandiyankha kuti chiyani?"

Ndinalira. Ndinawauza zonse, m'Chichewa tsopano, chifukwa Chingerezi chinali chitandithera: za mvula, za mabasi awiri, za mantha oti adzandiletsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ku wodi," anatero, "wodwala wokuwa sandiopsa. Amene amandiopsa ndi uja amati ndili bwino sisitala, pofuna kuti asandivutitse. Ameneyo timamupeza mochedwa." Anafinya kansalu m'madzi. "Iwe unkati ukundisungira ulemu. Waona ulemu umene wandipatsa lero?"

Funso limenelo linandipweteka kuposa mkono. Ananditsuka mapazi, anapaka mankhwala. Za bodi sananene chilichonse, tsiku limenelo kapena sabata yotsatira. Masabata asanu ndi limodzi a chikhakha ndinakhala ngati munthu wodikira chigamulo, kuopa kufunsa kuti ndingafulumizitse chimene ndinkachiopa. Loweruka ndinkadzuka nthawi yomwe ija n'kumangoyang'ana kudenga.

Tsiku lochotsa chikhakha, tili pasiteji ya basi, amayi anayamba okha.

"Lamulo langa lija ndi limene linakutseka pakamwa?"

Ndinati mwina theka.

"Ndiye theka limenelo ndi langa. Ndalichotsa. Koma ndikuika lina, ndipo ili silidzachoka. Chikakupweteka unene tsiku lomwelo. Ukadzandibisiranso, sindidzafunsa kuti wavulala kapena ayi, bodi ndidzakaipereka ndekha." Anaonjezera kuti ndikhala miyezi ina iwiri osakwera kuti fupa lilimbe, komanso kuti ndikapepese kwa a Marek ndi pakamwa panga, popeza nawonso ndinawanamiza.

Ndinapita limodzi ndi amayi. Ndinapepesa maso ali pansi. A Marek anandiimika papepala, analemba mzere kuchidendene ndi kuchala, n'kuyeza ndi tepi amayi akuonerera. Jombo zofiira anazisinthanitsa ndi za mtsikana wina wamkulu wa m'gulumo amene zake zinali zitamuchepera. Nditazivala zinandifinya mpaka ndinachita tsinya. Amayi anaona nkhope yanga n'kutembenukira kwa a Marek.

"Ngakhale hafu saizi yokha, bambo? Mwanayu akukula."

"Ayi, mayi."

Amayi anapukusa mutu ngati munthu amene akuona ndalama zikutayidwa, koma anavomera.

Lero ndine wamkulu, ndimakhala ndekha ku Walsall, ndipo ndimakwerabe bodi yopapatiza, nthawi zina ku mapiri enieni. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza moseketsa, ngati nkhani ya mayi wachimalawi amene anagulira mwana jombo zoti akuliremo. Anthu amaseka, amayinso amaseka. Koma cholakwa chawo chinali chaching'ono, cha munthu wochita zimene zinamuthandiza moyo wake wonse, ndipo chikanakonzeka ndi mawu anga ochepa tsiku lomwelo. Ndinaphunzitsidwa kuthokoza, ndipo ndinkaganiza kuti ukathokoza sungathenso kunena kuti chinthu sichikukwana. Poopa kuwakhumudwitsa kwa mphindi imodzi tili awiri, ndinawaimika pamaso pa alendo ngati mayi wovulaza mwana wake.

Fupa linalumikizana bwino, silindivutitsa ngakhale kukazizira. Chimene sichinabwerere m'malo mwake ndi china. Mpaka pano amayi akandiimbira foni n'kufunsa kuti ndili bwanji, ndikati ndili bwino, amakhala kaye chete pang'ono, kundipatsa mpata woti ndisinthe yankho.